Wotchi ya NyaChirambo

Veronica atatuluka m'bafa anapeza mwamuna wake Nedson atayala bulangeti patebulo, simbi ya makala ili m'manja, akusita shati yoyera ija ankavala pa Mgonero pokha. Ankaimba kamluzu chapansipansi. Veronica anaima pakhomo, chitenje chili m'khwapa, madzi akuyenderera m'khosi.

"Kwagwa maliro?"

"Ayi."

"Nanga ndani akumanga ukwati Lachitatu?"

"Ndikungofika ku Area 24, mayi a Thandie. Wotchi ija ikufulumirabe pang'ono."

"Wotchiyo ili ndi maso oonera shati?"

Nedson anaseka n'kutembenuza kolala. "Ndikalowe m'nyumba ya anthu ndi malaya onyamulira mabelo a kaunjika?"

"Mwachita bwino kutchula mabelo. Langa lija ku Malangalanga litenga ndani?"

"Ndidzera komweko pobwera."

Veronica analowa kuchipinda n'kutseka chitseko mwamphamvu, mpaka kalendala ya kutchalitchi inagwa pakhoma.

Pamene awiriwa ankakwatirana, Nedson anali mmisiri wa mawotchi wodziwika m'tauni. Ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti, kagalasi kali padiso, aphunzitsi, apolisi ndi madalaivala akumudikirira. Kenako kunabwera mafoni. Anthu anayamba kuonera nthawi m'thumba, ndipo wotchi ikafa ankangoiponya m'dirowa. Ntchito inauma pang'onopang'ono ngati chithaphwi cha mwezi wa Okutobala. Veronica, yemwe anayamba kugulitsa makatani a kaunjika ku Biwi pongofuna kuthandizira ndiwo, ndiye anadzasenza nyumba yonse. Lendi inali yake, chakudya chake, sukulu ya mwana wawo Thandie kugonera komweko ku Dedza inalinso pamutu pake. Nedson ankanyamula mabelo, kuyala katundu pabenchi, ndi kukakhomera makasitomala misomali ya makatani m'nyumba zawo. Sankadandaula, sankamwa mowa, sankayendayenda. Anangosanduka munthu wachete, wodya n'kukagona. Veronica anamuzolowera choncho, ndipo mumtima ankati mwamuna wake ndi wofatsa.

Zinasintha tsiku limene mayi wina wa ku Area 24 anagula makatani a nyumba yonse. Anali Lettie Chirambo, namwino wopuma pantchito, wamasiye, wochokera ku Rumphi. Anzake a kutchalitchi ankangomuti NyaChirambo. Nedson anapita kukakhoma makataniwo m'mawa, koma anabwerera dzuwa litapendeka, maso akuwala ngati mwana amene waona ndege.

"Pabalaza pawo pali wotchi yeniyeni," anatero tsikulo asanakhale n'komwe pansi. "Ya thabwa, yayitali kuyambira apa mpaka apa, ya pendulamu. Bambo awo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Inaima chaka chimene mkuluyo anamwalira, ndipo palibe anaigwirapo."

Kuyambira pamenepo ku Area 24 kunasanduka kumunda. Lero akukatsuka mawilo a m'kati, mawa akukathira mafuta, mkuja akukaona ngati yaimanso. Veronica atafunsa chifukwa chimene sankangobwera nayo kunyumba, Nedson anati wotchi yotere imakonzedwera pakhoma pake, ikapendekeka pang'ono imaima, ndiye umafunika kuisiya iyende n'kubweranso kudzaona ngati ikuthamanga kapena kutsalira. Mawuwo anali omveka. Koma kumeta ndevu m'mawa uliwonse, nako kunali kwa wotchi?

Lachitatu limenelo Veronica anayala yekha katundu pabenchi. Malonda anali atazizira kuyambira chaka chatha. Mashopu a m'tauni anadzaza ndi makatani atsopano onyezimira, obwera ndi mphete zake kale, ndipo akazi a ku Biwi ndi ku Kawale ankadutsa pabenchi pake atanyamula majumbo a kumeneko, n'kumupatsa moni mokweza ngati palibe chachitika. Belo nalo linali litakwera, ndipo ukalitsegula theka linkakhala nsanza.

Tionenji, mnzake wogulitsa nsapato pabenchi yoyandikana, anamuyang'ana akulimbana ndi chingwe.

"Alamu athu ali kuti lero? Kuchipatala kwa anesi?"

"Akukonza wotchi."

"Wotchi imeneyo ndiye yodwala zedi. Mwezi wonse ili pa diripi." Tionenji anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ine malemu amuna anga ankakonza mpope wa mayi wina ku Chilinde. Mpopewo unabereka mwana wamwamuna."

"Usandiyambe, Tionenji."

"Ine ndangonena za mpope. Komatu akazi a kumpotowa amadziwa kulandira mlendo. Tiyi wa mkaka, kapu pa sosala, kugwada mpaka pansi. Iwe unawagwadira liti a Nedson?"

Veronica anafuna kuyankha, koma panaima bambo wina wovala tayi, atakumbatira chinthu chokulunga m'thaulo. Veronica anadzuka msangamsanga n'kuyamba kutambasula katani ya maluwa.

"Takulandirani, bambo. Ya pabalaza kapena ya kuchipinda?"

"Pepani mayi, sindinabwerere makatani. Andilozera kuti pano ndipeza a Nedson okonza mawotchi. A NyaChirambo amawatama kwambiri kutchalitchi kwathu."

"Kulibe."

"Ndingawasiyire?"

"Pano ndi pa makatani, bambo. Mawotchi alibe malo."

Bamboyo anachoka akuyang'anayang'ana m'mbuyo. Aka sikanali koyamba. Sabata yapitayo kunabwera agogo ena ndi wotchi ya pamkono ya malemu amuna awo, kenako mtsikana wa mu ofesi amene anati mawotchi akale ayambanso kutchuka. Onsewo ankaima pabenchi ya Veronica, kutsamira makatani ake, n'kumafunsa za Nedson. Ndipo onse ankatchula dzina limodzimodzi la amene anawatuma.

Lachisanu madzulo Veronica akusadzula masamba pakhonde, Nedson anafika akumwetulira. Anakhala pampando, n'kutulutsa m'jekete kanthu kokulunga m'kampango koyera ka maluwa ofiirira m'mphepete. Fungo la sopo wodula linafika kwa Veronica kampangoko kasanamasulidwe.

"Taonani, mayi a Thandie."

Munali kandodo kachitsulo, kumapeto kwake kuli chimbale chamkuwa chokula ngati chikhatho.

"Chipande?"

"Pendulamu. Ndi imene imalendewera pansi pa wotchi n'kumapita uku ndi uku. Mtima wa wotchi ndi umenewu. Kokolowekera kake kanali katang'aluka, ndiye ndakawotcheretsa ku Triangle. Mukuona kanati aka pansipa? Mukakakweza wotchi imafulumira, mukakatsitsa imachedwa." Anatenga phulusa pambaula, n'kufinyira ndimu, n'kuyamba kupukuta mkuwawo ndi chala. "Mawa kukubwera achimwene awo, a Mcdonald, ochokera ku Mzuzu. Ali ndi nyumba ya alendo kumeneko, ndipo akhala akugula mawotchi akale m'maesiteti. Onse ndi akufa. Akuti akaona ya bambo awo ikuyenda, ntchito yonseyo ndi yanga."

"Kampangoko n'kandani?"

"Anandikulungira kuti isakalike."

"Nyuzipepala inasowa m'nyumba monsemo?"

Nedson sanamve n'komwe mbola ya funsolo. Anakweza pendulamuyo, naigwira kumutu ndi zala ziwiri, n'kuikankha pang'ono. Inayamba kupita uku ndi uku, kuwala kwa dzuwa lolowa kukuthwanima pamkuwa.

"Mukudziwa, ine ndakhala ndikuganiza. Malonda ali ngati kanthu aka. Kakapita mbali iyi, anthu amati basi kapita. Koma kakafika kumapeto kamabwerera. Mawotchi anapita, makatani anabwera. Tsopano taonani, makatani akuvuta, mawotchi akubwerera. Mulungu satisiya opanda pogwira."

Veronica anaika lichero pansi.

"Ndiye mukuti nthawi yanga yatha."

"Sindinatero."

"Mwatero. Zaka zonsezi mwadya makatani, mwavala makatani, mwana wanu waphunzira ndi makatani. Lero mayi wa ku Area 24 wakupatsani tiyi wa pa sosala, mwayamba kundiphunzitsa za malonda ndi chipande chake."

"Mayi a Thandie, ine ndimati tikondwere tonse."

"Kondwani. Inu ndi anzanuwo."

Nedson anamuyang'ana kanthawi, kenako anapitiriza kupukuta. Atamaliza anakulunganso pendulamuyo m'kampango muja, naiika m'thumba la jekete, n'kukoloweka jeketelo kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake Nedson ali kubafa, Veronica ankalongedza makatani m'thumba lalikulu lopita nalo kumsika. Ankamva kamluzu kaja kakudutsa pakhoma. Pazaka zonse zimene iye anadyetsa nyumba ija, mwamunayo sanamuimbirepo mluzu ngakhale tsiku limene anagula sofa. Anayang'ana jekete lija. Sanaganize nthawi yaitali. Anapisa dzanja, natulutsa kamtoloko, nakalowetsa pakati pa katani yobiriwira yochindikala imene inakhala miyezi osagulidwa, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pansi pa zinzake. Anaitana wakabaza, nakweza thumba, n'kunyamuka osatsazika.

Sanathe n'kuyala komwe pamene Nedson anatulukira pamsika, shati yoyera itanyowa kumsana.

"Mayi a Thandie, simunaone pendulamu ija?"

"Ine ndi zitsulo zanu tikudziwana pati?"

"Ndinaiika m'jekete. Munaona nomwe."

"Ndinaona mukuseweretsa pakhonde. Ana a alandilodi anali pompo. Mwafunsa?"

"Ndafunsa. Ndagwetsa nyumba yonse, ndasesa ndi pansi pa bedi." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Kapena zenera lija tinagona osatseka?"

"Kagulenitu ina."

"Kulibe kogula. Iliyonse imapangidwa molingana ndi wotchi yake, kutalika kwake ndi kulemera kwake. Ndiponso ndi ya bambo awo." Anaima pamenepo akuyang'ana mulu wa makatani osauona. Kenako Nedson anatembenuka n'kulowera kokwerera minibasi, manja ali lende.

Anabwerako masana. Anavula shati ija, naipinda, n'kuvala malaya ake akale. Veronica atafika kunyumba anamupeza atakhala pakhonde, akuyang'ana nkhuku za aneba.

"Zayenda bwanji?"

"A Mcdonald anafunsa funso limodzi lokha. Anati munthu amene wataya chitsulo chimodzi usiku umodzi, ndingamusiyire bwanji nyumba yodzaza mawotchi? A NyaChirambo anangolowa kuchipinda. Ndinamva akulira."

Veronica anadikira kuti mtima wake ukondwe. Anapita kukasonkha moto, naphika ndiwo zimene Nedson ankazikonda, usipa wotendera, koma mwamunayo anangotsina kawiri n'kusamba m'manja.

Lolemba Nedson anadzuka m'mamawa, nanyamula thumba la makatani, nakayala pabenchi, namanga zingwe zonse. Anapita ku Malangalanga n'kubwera ndi belo pamutu kuchokera pa siteji. Ndevu zinayambanso kumera. Bambo wa tayi uja atabweranso ndi wotchi yake ya m'thaulo, Nedson anamuuza mwaulemu kuti anasiya ntchitoyo.

"Wawina, mnzanga," Tionenji ananong'ona. "Unapita kwa sing'anga uti? Undilozereko."

Veronica sanaseke. Mwamuna wake anali atabwerera, wofatsa ngati kale, atakhala pa kachitini kumbuyo kwa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma tsopano Veronica anali ataona nkhope ina ya munthuyo, ndipo ankadziwa kuti uku sikunali kufatsa. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti nkhope inayo sanaitulutse ndi iye. Anaitulutsa mkazi wina, ndi wotchi yakufa. Akaganiza zimenezo chifundo chinkathawa, mkwiyo n'kubwerera. Tsiku lililonse ankati mawa aitulutsa pendulamuyo akaiponye kuseri kwa kabati kuti ipezeke yokha, koma Nedson ndiye ankanyamula thumba, Nedson ndiye ankayala, ndipo sankachoka pabenchi. Veronica ankangoonetsetsa kuti katani yobiriwira ili pansi pa mulu.

Lachinayi kunabwera mayi Ennie, kasitomala wakale wa ku Kawale, mayi wonenepa wolankhula mokweza.

"Vero, ndipulumutse. Abambo akunyumba ayamba kugwira ntchito ya usiku, ndiye masana sakugona ndi dzuwa. Za m'mashopu zija n'zopyapyala ngati neti ya udzudzu. Ndikufuna chikatani chochindikala, chakuda bii m'chipinda."

Veronica anatulutsa yabuluu. Mayi Ennie anaikweza kudzuwa n'kupukusa mutu. Anatulutsa yakhofi. Inali yaifupi.

"Nanga iyo yobiriwirayo pansipo?"

"Imeneyo ili ndi mwini wake."

"Ndani? Yakhala pamenepo chibwerere mvula. Ndimaiona ine." Mayi Ennie anaisolola yekha pamulu n'kuponyera Nedson mbali imodzi. "Tagwirani uko, bambo, tiione kutalika."

"Mayi Ennie, dikirani..."

Nedson anali ataimirira kale. Anagwira nsonga ziwiri n'kubwerera m'mbuyo. Katani inatambasuka, ndipo kamtolo koyera kanagwa pansi n'kulira ngati belu losweka. Kampango kanamasuka. Mkuwa unawala pafumbi.

Ngakhale Tionenji, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anangogwira nsapato m'manja.

"Eee, za m'belo izi!" anatero mayi Ennie. "Azungu amaiwala zinthu m'makatani. Ine ndinapezapo supuni."

Nedson anawerama natola pendulamuyo. Anaitembenuza, nayang'ana kokolowekera kaja, nayendetsa chala pakandodo kuona ngati kapindika. Anakutumula kampango, nakulunga. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana mkazi wake. Veronica anayembekezera kuti akalipa, ndipo mawu oyankha anali atawakonza kale pakamwa. Koma Nedson anangopinda katani ija bwinobwino, naipereka kwa mayi Ennie.

"Ndi yabwino iyi, mayi. Dzuwa silingadutse."

Atatero anachoka, osapita n'kunyumba komwe kukasintha malaya.

"Vero," Tionenji anatero mayi Ennie atapita, "ine zija ndinkangocheza."

"Undionere katundu."

Veronica anali asanafikepo kwa NyaChirambo, koma ku Area 24 aliyense ankadziwa nyumba ya anesi. Inali ya mpanda wa maluwa, bwalo losesedwa bwino, makatani ake omwe a Veronica akuoneka m'mazenera. M'njira monse ankadzilimbitsa mtima kuti akawapeza atakhala pampando umodzi, ndipo zonse zimene anachita zikhala ndi chifukwa.

Anapeza mayi wa imvi zambiri, wamfupi, wovala magalasi ndi juzi yotuwa ngakhale kunkatentha, akusankha nyemba pakhonde. Miyendo yake inali yotupa, ataiika pa kampando.

"Odi."

"Lowani. Ndinu mayi a makatani, eti? Mwachita bwino kubwera. Khalani apa, amuna anu atithamangitsa m'nyumba, akuti tisapume pafupi ndi wotchi." Chichewa chake chinali ndi kamvekedwe ka kumpoto. "Mwamva kuti chapezeka? Akuti chinalowa m'chibowo cha thumba la jekete n'kukakhala m'kati mwa nsalu. Sabata yonse akuyenda nacho! Ndawauza kuti akazi anu akusokereni matumba, bambo inu."

Veronica anasuzumira pakhomo. Nedson anali ataimirira pa sitului, atapendeketsa mutu, khutu lili pafupi ndi thabwa la wotchi. Ndi dzanja limodzi ankasuntha wotchiyo pang'onopang'ono pakhoma, mwina kutalika kwa njere ya mpunga, n'kumvetsera, n'kusunthanso. Nkhope yake inali ya mnyamata uja Veronica anamupeza pakhonde la sitolo zaka zambiri zapitazo, tsiku limene anapita kukakonzetsa wotchi ya malume ake. Kuseri kwa kagalasi pendulamu inkapita uku ndi uku, ndipo kugunda kwake kunadzaza nyumba yonse.

Posakhalitsa wotchiyo inalira koyamba chiyambire kukonzedwa, kulira kozama ngati belu la tchalitchi chakutali. NyaChirambo anasiya nyemba. Anavula magalasi, nagwira pakamwa.

"Adada," anatero chapansipansi, akukumbukira bambo ake. Anakhala choncho mpaka kulirako kunatha, kenako anapukuta maso ndi juzi. "Ikalira chonchi madzulo tonse tinkathamangira m'nyumba kukapemphera. Ukachedwa, khutu lako linkadziwa." Anaseka misozi ili m'maso, nagwira dzanja la Veronica. "Muli ndi mwamuna wa manja odala, mayi. Ndipo amakutamani. Akakhala apa ndi tiyi nkhani ndi ya inu, kuti mayi a Thandie anagwira nyumba ine nditagwa."

Mawuwo akanayenera kumuziziritsa mtima, koma anamubaya penapake. Bwanji sanamuuze iyeyo? Bwanji anakanena pakhonde la mkazi wina, atagwira kapu ya mkazi wina? Pa tebulo laling'ono pambali pa chitseko panalidi kapu pa sosala, ndi mbale ya zitumbuwa yovundikira ndi kansalu.

NyaChirambo analowa m'nyumba ndi foni, ndipo patapita kanthawi anatuluka pamodzi ndi Nedson, amene ankapukuta manja. Ataona mkazi wake sanadabwe.

"Ndawaimbira achimwene," NyaChirambo anatero. "Amva okha kugunda kwake pafoni. Koma mukuwadziwa anthu a bizinesi, akuti analankhula kale ndi mmisiri wina wa ku Blantyre. Ine ndati ayi, pafoni munthu amakana msanga. Mawa ndikupita ku Mzuzu kumsonkhano wa Umanyano, bungwe la amayi a mpingo wathu. Tiyeni tikwere limodzi, a Nedson, mutenge zipangizo zanu. Mukakonze imodzi iwo akuona. Akakakana pamenepo ndiye kuti si mwana wa adada."

Nedson anayang'ana Veronica.

"Mukuti bwanji, mayi a Thandie?"

Onse awiri ankamuyang'ana. M'nyumba wotchi inkagunda. Veronica anaona basi yonse m'maso mwake, mpando wa anthu awiri, ulendo wa tsiku lathunthu, chimanga chootcha cha pa Jenda akugawana. A Mcdonald akanaona wotchi ikuyenda Loweruka lija, bwenzi ulendowu kulibe, kapena bwenzi Nedson akupita yekha. Anaupanga ndi manja ake.

"Apite," anatero. Mawuwo anatuluka owuma ngati gaga.

Pobwerera sanakwere minibasi. Anayenda wapansi kudzera ku Area 23, Nedson patsogolo pang'ono, Veronica pambuyo. Anadutsa ogulitsa makala, ana ochokera kusukulu, makina a chigayo akulira. Atafika pa kamlatho Veronica analephera kupirira.

"Bwanji simunawauze?"

"Ndiwauze kuti chiyani?"

"Zoona."

Nedson anaima. "Kuti mawa kutchalitchi kwawo konse adziwe kuti mkazi wa Nedson anachita zakutizakuti? Thandie akamve kusukulu?" Anapukusa mutu. "Ndinalola kuti andione ngati wosasamala. Zimenezo ndinazizolowera."

"Munkameta ndevu tsiku lililonse."

"Ndinkapita kuntchito, Veronica."

Sanamutchulepo dzina lake chibadwire Thandie. Veronica anamva ngati wamuthira madzi ozizira.

"Mayi aja ndi msinkhu wa azakhali anga," Nedson anapitiriza. "Koma ngakhale akanakhala mtsikana, inu simunandifunse. Munangofuna ndibwerere pa kachitini kaja." Anayambanso kuyenda. "Kaya ku Mzuzu zikayenda, kaya zikakanika, pa kachitini paja sindidzakhalaponso. Misheck wometa uja anandiuza kalekale kuti pakhonde pake pali malo. Belo muzitumira wakabaza."

Veronica anafuna kunena kuti pepani. Liwulo linafika pakhosi n'kukumana ndi kapu ija ya pa sosala, ndipo linabwerera.

M'mawa mwake anadzuka ndi iye. Anamuikira m'chikwama malaya, thaulo, sopo, ndi juzi yochindikala chifukwa ku Mzuzu kumazizira. Anakazinga mtedza n'kuuthira m'botolo. Nedson anati palibe chifukwa chomuperekezera, koma Veronica anamanga chitenje chake chatsopano n'kutsogola.

Kudepoti anapeza NyaChirambo atafika kale, atavala yunifolomu ya Umanyano, ali ndi amayi ena awiri a kutchalitchi kwawo. Anamupatsa moni Veronica ndi manja awiri. Pokwera basi miyendo yotupa ija inavuta pa sitepe, ndipo Nedson anaika chikwama pansi, nagwira mayiyo pamkono n'kumukweza pang'onopang'ono. Veronica anayang'ana dzanja limenelo mpaka linalowa m'basi.

Nedson anakhala kuzenera. Anatsegula galasi.

"Ndikafika ndiimba."

"Mtedzawo ndi wanu," Veronica anatero. Anayang'ana matayala a basi. "Mukhoza kuwagawirako."

Basi inatuluka m'depoti mwakachetechete, n'kukhotera kumlatho. Veronica anaima pomwepo mpaka inabisika kuseri kwa maminibasi. Pachifuwa pake pankatentha ngati wameza khala, ndipo ankadziwa kuti litentha choncho mpaka munthuyo adzabwere. Palibe amene akanamudandaulira, ngakhale Tionenji.

Anawoloka msewu, nalowera ku Malangalanga. Anasankha belo, nalikoka yekha mpaka pakhomo la shopu, n'kuyamba kuitana wakabaza.